Owerengera ndalama zathu atopa: chimene chikuthamangitsa maodita pa ntchito

Pa 31 Disembala, anthu ambiri akamathamangira kumsika kukagula nkhuku kapena kukonzekera mapemphero a usiku wolowera chaka chatsopano, pamakhala achinyamata ena ataima m'nyumba zosungiramo katundu ku Kanengo mu Lilongwe kapena ku Makata mu Blantyre, pepala ndi cholembera zili m'manja. Amawerenga matumba a feteleza, makatoni a sopo ndi migolo ya mafuta ophikira, kenako n'kuyerekeza ndi zimene zalembedwa m'kaundula wa kampani. Kaundula akati matumba alipo 4,000 koma pansi n'kupezeka 3,960, palibe amene amachoka mpaka 40 otsalawo adziwike kumene alowera. Achinyamatawa ndi maodita, ndipo kwa iwo tsikuli ndi chiyambi cha miyezi itatu kapena inayi yosaona dzuwa likulowa ali kunyumba.

Ntchito yawo ndi imene imachititsa kuti munthu asungitse ndalama kubanki mtima uli m'malo, kuti wopuma ntchito akhulupirire kuti penshoni yake ilipodi, ndiponso kuti aphungu adziwe mmene ndalama za misonkho zayendera. Komabe ntchitoyi ndi imodzi mwa zimene anthu amalowa ndi chimwemwe n'kutuluka msanga. Akuluakulu ambiri amangoti ana a masiku ano sapirira, kapena kuti akuthamangira malipiro. Akatswiri amene afufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri apeza zina. Odita amayamba kuganiza zochoka pamene kuchuluka kwa ntchito kwamudya mphamvu mpaka kumuchotsa chidwi, ndipo palibe amene akumubwezera chimene wataya. Akachoka, oluza kwambiri ndi ife amene ndalama zathu amaziwerengera.

Miyezi yosagona

Chimene chimayambitsa vutoli ndi kalendala. Mabanki, makampani a inshulansi ndi makampani ambiri amene ali pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange amatseka mabuku awo pa 31 Disembala. Onsewo amafuna lipoti la odita nthawi imodzi, chifukwa Reserve Bank ikudikira, eni masheya akudikira msonkhano wawo wapachaka, ndipo a MRA akudikira mafomu a msonkho. Chiwerengero cha maodita sichikwera mu Januwale. Chimene chimakwera ndi maola.

Tangolowani m'chipinda chimene kampani imapatsa maodita. Nthawi zambiri chimakhala chaching'ono, chakumapeto kwa khonde, ndipo anthu asanu amapanikizana patebulo limodzi, nthambo za malaputopu zitapiringizana pansi. Pakona pali mulu wa mafayilo a ma invoisi ndi malisiti. Wamng'ono pagulupo wapatsidwa mndandanda wa malipiro 60 oti awatsimikize, ndipo wa 17 alibe chikalata chosonyeza kuti katundu anafikadi. Amapita ku ofesi ya akauntanti n'kuuzidwa kuti abwana ali mumsonkhano, abwerenso masana. Masana amauzidwa kuti makiyi a kabati apita ndi wina. Chikalatacho chimatuluka cha m'ma 5 koloko madzulo, eni ofesi akuweruka, ndipo apa m'pamene ntchito yeniyeni ya odita imayamba. Akamaliza usiku, m'mawa amapeza manenjala wamulembera mafunso 30 oti ayankhe pa ntchito ya sabata yatha, ya kampani inanso.

Pamwamba pa zimenezi pali mayeso. Ambiri mwa achinyamatawa amakhala akuphunzira kuti alandire ziphaso za ICAM kapena ACCA. Mayeso a ACCA amalembedwa mu Malichi, Juni, Sepitembala ndi Disembala, kutanthauza kuti a mu Malichi amagwera pakati penipeni pa nyengo yotanganidwa. Malamulo a kalembedwe ka mabuku nawo sakhala malo amodzi. IFRS 9 inayamba kugwira ntchito mu 2018, IFRS 16 mu 2019, ndipo IFRS 17, imene inasintha kwambiri mawerengedwe a makampani a inshulansi, inayamba mu 2023. Lamulo lililonse latsopano limabwera ndi mapepala ena oti adzazidwe, koma tsiku lopereka lipoti silisuntha.

Ku America, kumene nkhaniyi yafufuzidwa kwambiri, John Sweeney ndi Scott Summers anatsatira akauntanti a kampani ina yaikulu n'kusindikiza zimene anapeza mu 2002. Nyengo yotanganidwa isanayambe, anthuwo ankagwira pafupifupi maola 49 pa sabata. Itafika, maola anakwera kufika pa 63, ndipo kutopa kwawo kunafika pa mlingo umene ofufuza sankauona kawirikawiri pa ntchito zina. Kuno kwathu, lamulo la Employment Act la mu 2000 limati maola a ntchito a nthawi zonse asapitirire 48 pa sabata. Ndipo mu 2021 mabungwe a WHO ndi ILO analengeza kuti kugwira maola 55 kapena kuposerapo pa sabata kumakweza chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti, ndi cha kufa ndi matenda a mtima ndi 17 peresenti, poyerekeza ndi amene amagwira maola 35 mpaka 40. Anawerengera kuti mu 2016 mokha anthu 745,000 anamwalira pa chifukwa chimenechi.

Mu Julayi 2024, mtsikana wina wa zaka 26 amene anali atangogwira miyezi inayi mu ofesi ya maodita yogwirizana ndi EY mu mzinda wa Pune ku India anamwalira. Mayi ake analembera kalata mkulu wa kampaniyo m'dzikolo, kufotokoza za mwana amene ankafika kunyumba usiku atatheratu, n'kumalandirabe mauthenga a ntchito. Akuluakulu a kampaniyo anati sakukhulupirira kuti ntchito ndiyo inamupha, ndipo unduna wa zantchito wa dzikolo unalengeza kuti ufufuza. Chimene chinachititsa kuti kalatayo ifalikire dziko lonse lapansi n'chakuti maodita ambiri, m'mayiko osiyanasiyana, anaona moyo wawo womwe m'mawu a mayiwo.

Kutopa kumene tulo sitichotsa

Kutopa kulipo kwa mitundu iwiri. Kwina munthu amagona Loweruka lonse n'kudzuka Lolemba ali bwino. Kwina kumakhalabe ngakhale atapita ku tchuthi. Katswiri wa za maganizo Herbert Freudenberger analemba za mtundu wachiwiriwu mu 1974, ataona mmene anthu odzipereka pa chipatala china chaulere ku New York ankafookera m'chaka chimodzi chokha. Mu 1981 Christina Maslach ndi Susan Jackson anakonza njira yokuyezera, ndipo anasonyeza kuti kumaonekera m'njira zitatu. Mu 2019 bungwe la WHO linakuika m'buku lake la ICD-11, n'kunena kuti kumachokera ku mavuto a kuntchito amene akhalitsa osathetsedwa.

Njira yoyamba ndi kutheratu mphamvu. Odita amayang'ana tsamba limodzi la Excel kwa theka la ola osaona kanthu, ndipo foni ikalira mtima umagunda. Yachiwiri ndi kuuma mtima. Munthu amene chaka chatha ankakondwa akapeza cholakwika m'mabuku, tsopano amadandaula akachipeza, chifukwa chikutanthauza maola ena asanu. Kasitomala amasanduka mdani, anzake a mu ofesi amasanduka mtolo, ndipo mawu amene amamveka ndi akuti "bola fayilo itsekedwe". Yachitatu ndi kudzikayikira. Ngakhale agwire ntchito yabwino, amaona ngati palibe chimene akudziwa, makamaka ngati zimene amamva kwa abwana ndi zolakwika zokhazokha.

Pa zitatuzi, yachiwiri ndi imene iyenera kutiopsa kwambiri, chifukwa chuma chenicheni cha odita ndi mtima wofuna kufunsa. Makolo athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chinyengo sichidzionetsera pa tsamba loyamba. Chimabisala m'siginecha yosiyana pang'ono ndi inzake, m'kampani imene yalipidwa katatu pa sabata imodzi, m'lisiti lolembedwa tsiku la tchuthi. Munthu amene wagona maola anayi kwa masabata asanu ndi limodzi alibe kudekha kumeneko.

Wodzipereka ndiye amasenzetsedwa

Komatu si onse ogwira maola ambiri amene amafuna kuchoka. Alipo amene nyengo yotanganidwa ikatha amakhala otopa koma onyadira, ndipo chaka chamawa amabweranso. Akatswiri a ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands, motsogozedwa ndi Wilmar Schaufeli, anafufuza anthu oterewa n'kupeza kuti amakhala ndi nyonga pa ntchito, amaona kuti ntchitoyo ndi yofunika, ndipo akaiyamba nthawi imatha osazindikira. Kuikapo mtima kotereku ndi kumene kumamusunga munthu pa ntchito ngakhale atalandira foni yomukopa kwina.

Mu 2001, Evangelia Demerouti, Arnold Bakker ndi anzawo anafotokoza mmene zinthu ziwirizi zimakokerana. Ntchito iliyonse ili ndi zimene imafuna kwa munthu, monga maola, kuthamangitsana ndi nthawi, ndi makasitomala ovuta. Ilinso ndi zimene imamupatsa, monga abwana omvetsa, anzake othandizana nawo, mwayi wophunzira, ufulu wokonza yekha tsiku lake, ndi mawu oyamikira. Zofuna zikachuluka, mphamvu zimatha. Zopatsa zikasowa, chidwi chimatha. Choncho maodita awiri akhoza kugwira maola 60 ofanana, wina n'kukula nawo, wina n'kusweka nawo. Woyambayo ali ndi siniya amene amakhala naye pansi n'kumufotokozera chifukwa chake akuyesa ngongole za banki mwa njira imeneyi. Wachiwiriyo anangotumiziridwa fayilo ya chaka chatha n'kuuzidwa kuti "ungotsatira momwe anapangira".

Chomvetsa chisoni n'chakuti kudzipereka komweko kumamuitanira munthu katundu wina. Ng'ombe imene imakoka bwino ndi imene mwini ngolo amaimanga pagoli tsiku lililonse, pamene yaulesi ili kudambo. Mu ofesi ya maodita, mamanenjala onse amalimbirana siniya mmodzi yemwe uja amene salephera, ndipo amapezeka ali pa makasitomala atatu sabata imodzi. Poti iye sadandaula, palibe amaona kuti akutha. Tsiku limene wapereka kalata yosiya ntchito, aliyense amadabwa.

Palinso nkhani ya chilungamo. David Herda ndi James Lavelle, mu kafukufuku amene anasindikiza mu 2012, anapeza kuti maodita amene amaona kuti kampani yawo imawachitira mwachilungamo satopa kwambiri ndipo saganiza kwambiri zochoka. Munthu amapirira usiku wautali ngati akuona kuti ntchito yagawidwa mofanana, kuti kukwezedwa kumatsata luso, ndiponso kuti tchuthi chimene analonjezedwa adzachilandiradi. Akaona kuti makasitomala a m'tauni amapita kwa okondedwa, pamene iye chaka ndi chaka amatumizidwa kumapulojekiti akutali ndi alawansi yosakwana malo ogona, maola omwewo amalemera kawiri.

Kalata imalembedwa kale mumtima

Palibe amene amadzuka m'mawa n'kungosiya ntchito. William Mobley anafotokoza mu 1977 kuti munthu amayamba ndi kusakhutira, kenako kuganiza zochoka, kenako kufufuza kwina ndi kuyerekeza, ndipo pomaliza amatsimikiza. N'chifukwa chake ofufuza amayeza maganizo ofuna kuchoka, poti ndiwo amaonetsa amene adzachokedi. Kwa odita, ulendowu umayamba usiku wina mu Febuluwale, ndipo kalata imafika pa tebulo la abwana mu Meyi kapena Juni, malipoti atasainidwa.

Zitseko zotulukira n'zambiri. ACCA imafuna kuti munthu agwire ntchito miyezi 36 asanakhale membala, ndipo ambiri amawerenga miyeziyo chamumtima. Ikakwana, wachinyamata amene anaphunzira ku MUBAS kapena ku Malawi College of Accountancy amakhala ataona mabuku a makampani ambiri kuposa anzake a msinkhu wake. Kasitomala yemwe uja amamufunsa mwakachetechete ngati sangakonde kukhala mkulu wa zachuma. Mabanki amamufuna, mabungwe othandiza anthu amamufuna. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ntchito iliyonse yolipira molingana ndi dola inayamba kukoka kwambiri. Ndipo chiphaso cha ACCA chimagwira ntchito ku London monga chimagwirira ku Limbe.

Mayiko olemera nawo akusowa anthu. Nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba mu Disembala 2022 kuti akauntanti ndi maodita oposa 300,000 ku America anasiya ntchito m'zaka ziwiri, kutsika kwa 17 peresenti. Mipata ikatseguka kumeneko, makampani amakafuna anthu kumayiko ngati India, Philippines, South Africa ndi Zimbabwe, ndipo kukokako kumafika mpaka kwa ife. Malipiro ali ndi mbali yake, palibe angakane. Koma munthu wokhutira sayankha msanga uthenga wa pa LinkedIn. Kutopa ndi kumene kumamuchititsa kuutsegula.

Siniya mmodzi akachoka, ntchito yake imagawidwa kwa otsala, amene anali atalemedwa kale. Iwonso amatopa msanga, n'kuyamba kufufuza kwina. Wachinyamata wa chaka chimodzi pa ntchito amapezeka akutsogolera gulu pa kampani imene sakuidziwa, opanda womuphunzitsa. Motero vuto limadzibala lokha chaka ndi chaka.

Amene amalipira mtengo

Mu 2019, Julie Persellin ndi anzake anasindikiza zimene anapeza atafunsa maodita oposa 700 ku America, ena ali pa ntchito, ena atasiya. Maoditawo ananena okha kuti nthawi yotanganidwa amapitirira ndi maola asanu pa sabata malire amene ntchito yawo imayambira kutsika, ndipo zinthu zikafika povuta amapitirira ndi maola 20. Awa ndi eni ntchito akuvomereza kuti maso awo saonanso bwino pa nthawi imene tikuwadalira kwambiri.

Kutsikako kumachitika mwakachetechete. Wina amachonga kuti waona chikalata chimene sanachione. Wina amalandira mawu a pakamwa a akauntanti popanda kupempha umboni. Wina akapeza lisiti lovuta amalisiya n'kusankha lina losavuta. Palinso chizolowezi chobisa maola: munthu wagwira 14 koma amalemba 8, poopa kuoneka wochedwa kapena kudutsa bajeti. Chaka chamawa bajeti imakonzedwa potengera maola abodzawo, ndipo wobwera pambuyo amapatsidwa nthawi yosatheka. Woopsa kwambiri ndi odita amene mtima unachoka kale koma thupi likadali pa desiki, chifukwa siginecha yake imaonekabe chimodzimodzi.

Amalawi sitifunika kuuzidwa zimene zimachitika ndalama zikasowa oziyang'anira. Mu Sepitembala 2013 nkhani ya Cashgate inaphulika, ndipo lipoti la kampani ya ku Britain ya Baker Tilly la mu 2014 linapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, zina zitalipidwa ku makampani amene sanapereke katundu aliyense. Mayiko othandiza anaimitsa thandizo la bajeti, ndipo ululu wake unamveka m'zipatala ndi m'masukulu. Cashgate inachitika chifukwa cha umbava, ndipo palibe amene angaikankhire pa kutopa kwa maodita. Koma inatiphunzitsa mtengo wa diso lakuthwa. Ofesi ya National Audit Office, imene imagwira ntchito pansi pa lamulo la Public Audit Act la mu 2003, iyenera kuyendera maunduna, nthambi za boma ndi makhonsolo 35, n'kupereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo. Odita mmodzi wodziwa bwino kayendedwe ka IFMIS, njira ya pa kompyuta yoyendetsera ndalama za boma, akachoka kumeneko, amapita ndi zaka za kudziwa makona amene ndalama zimathawira, ndipo zimenezo sizilembedwa m'fayilo.

Zimene zili m'manja mwathu

Nyengo yotanganidwa siingathe, koma ingapepuke. Ntchito yambiri, monga kuyesa njira zotetezera ndalama ndi kuona malipiro a miyezi yoyambirira, ingachitike mu Okutobala ndi Novembala. Eni makampani a maodita ayenera kusiya kutsitsa mtengo pofuna kupambana kasitomala, n'kudzabweza kusiyanako ndi tulo ta achinyamata. Kasitomala amene ofesi ilibe anthu omugwirira ntchito ndi woyenera kukanidwa, ndipo lamulo la ISQM 1, limene linayamba kugwira ntchito pa 15 Disembala 2022, limafuna kuti kampani ionetsetse kuti ili ndi anthu okwanira ndi nthawi yokwanira isanavomere ntchito. A Malawi Accountants Board ndi a ICAM akamayendera makampani, kufunsa za maola enieni ndi chiwerengero cha osiya ntchito kuli m'kati mwa udindo wawo, chifukwa zimenezi zimakhudza ubwino wa lipoti.

Zina sizifuna ndalama. Manenjala amene salanga munthu chifukwa cholemba maola oona amapeza bajeti yoona. Tchuthi chimene lamulo limapereka, masiku 15 kwa ogwira masiku asanu pa sabata ndi 18 kwa ogwira asanu ndi limodzi, chiyenera kutengedwa foni itazimitsidwa. Wolemba mayeso apatsidwe masiku owerenga. Wachinyamata akapeza cholakwika chachikulu, atengedwe ku msonkhano ndi akuluakulu a kasitomala kuti aone yekha phindu la ntchito yake. Makasitomala nawo ali ndi gawo: komiti yoona za odita pa bodi iliyonse izifunsa chifukwa chake nkhope za gulu zimasintha chaka chilichonse, ndipo ofesi ya zachuma izikonza zikalata maodita asanafike.

Kwa inu achinyamata amene muli m'kati mwa ntchitoyi, kutopa kwanu si ulesi ndipo si kulephera. Lankhulani msanga ndi abwana anu, ndipo thupi likayamba kupereka zizindikiro pitani kuchipatala. Ngati mwasankha kuchoka, chokani bwino, musiye mafayilo oti wina atha kuwatsatira, poti dziko lathu ndi laling'ono ndipo ntchitoyi ndi ya anthu odziwana.

Ena adzachokabe, ndipo n'zabwino, chifukwa makampani ndi boma zimafuna akuluakulu a zachuma amene anadutsa m'manja mwa maodita. Chimene sitiyenera kuvomereza ndi kuwathamangitsa asanakhwime, kapena kuwasunga ali otheratu. Dziko limene likulimbana ndi katangale likufuna anthu okhala pa ntchitoyi zaka khumi kapena makumi awiri, oti akaona lisiti lokayikitsa akhale ndi mphamvu yobwereranso ku ofesi ya akauntanti kachitatu n'kukafunsa. Mphamvu imeneyo imachokera ku tulo tokwanira, abwana achilungamo ndi ntchito yogawidwa bwino, ndipo amene amasaina malipoti ndi amene ali ndi udindo wozipereka.